Anagula ndege 72 kuti angozimasula masipeya?

FUNSO: Zikomo akulu, ndaona kavidiyo ndege yankhondo ikudzuka molunjika mmwamba ngati helikopita, osathamanga kaye pabwalo. Mnzanga akuti dzina lake ndi Harrier, ati dziko la America linagula zambirimbiri ku Britain koma osati zoti aziulutsa ayi, zongochotsako masipeya basi. Zoona zimenezi? Ndalama zonsezo kugulira zinthu zokaphwasula?
Wowerenga wanu

YANKHO: Mnzanuyo sananame achimwene. Britain inasiya kuulutsa ma Harrier ake mu December 2010 pofuna kuchepetsa bajeti ya asilikali, ndiye mu 2011 anagulitsa 72 kwa America pamtengo wa madola 180 miliyoni. Zambiri zinakaikidwa kuchipululu cha Arizona komwe kulibe chinyezi choti zichite dzimbiri, amakaniko nkumachotsako zomwe akufuna.

Ndegeyi ndi yakale ndithu. Anaipanga a Hawker Siddeley ku England, yoyeserera yake P.1127 inayamba kudzuka mu 1960, ndipo Royal Air Force, nthambi ya ndege zankhondo ya Britain, inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1969. Chinsinsi chonse chili pa injini imodzi yokha ya Pegasus, ya Rolls-Royce, yomwe ili ndi mapaipi anayi otembenuka, awiri mbali iyi awiri mbali inayo. Payiloti akakoka kachitsulo kamene kali kudzanja lake lamanzere mapaipi aja amaloza pansi, mpweya umakankha nthaka ndege nkudzuka, akawabweza kuloza kumbuyo ndiye imathamanga ngati jeti ina iliyonse. Ikaima mmalere mapiko alibe ntchito, imadalira timabowo totulutsa mpweya kumphuno, kumchira ndi kunsonga za mapiko kuti isapendekeke. Mpaka imanyamula thanki ya madzi opopera mu injini kuti isatenthe kwambiri potera, ndipo madziwo sachedwa kutha.

Apa ndi pomwe nkhani ya masipeya imabwera. Injini imeneyi imagwira ntchito ya kalavula gaga, imayamwa fumbi ndi timiyala tomwe yadzutsa yokha, ndiye pofuna kuitsitsa amayenera ayambe achotsa phiko lonse kaye chifukwa inakhala pakati penipeni pa thupi la ndegeyo. Tangoganizani ntchito yake! Kuonjezera apo anali atasiya kale kuzipanga, Harrier ya ku America yotchedwa AV-8B yomaliza ya kampani ya McDonnell Douglas, yomwe pano ili pansi pa Boeing, inatuluka mu 2003, pomwe ndege yatsopano ya F-35B yoti ilowe mmalo mwake inali kuchedwachedwa. Asilikali a ku America a US Marines, omwe ankaulutsa AV-8B, akanatani? Anachita zomwe amachita makaniko aliyense wanzeru, kugula galimoto yofanana nayo yoti yaima nkumamasulako zida. Ma Harrier a GR7 ndi GR9 aku Britain aja ndi pachibale ndi AV-8B ndiye zida zambiri zimalowana. Ndipo mu September 2012 a Taliban ataukira kampu ya asilikali ya Camp Bastion ku Afghanistan anaphwanya AV-8B zisanu ndi imodzi usiku umodzi wokha, panalibenso koti akagule zatsopano.

Ine mbali yanga ndimaona kuti America inapindula, amene anataya ndi a Britain, ndipo zimandiwawa ndithu. Mtundu womwewu wa ndege ndi umene unawapulumutsa pankhondo yolimbana ndi Argentina ku zilumba za Falklands mu 1982, ma Sea Harrier akunyamuka pa sitima za HMS Hermes ndi HMS Invincible anagwetsa ndege za Argentina pafupifupi 20 osagwetsedwapo ndi ndege ina ngakhale imodzi. Atagulitsa zija anakhala zaka zingapo opanda jeti yonyamuka pa sitima mpaka F-35B itafika.