Kodi basi zaulere zingakhalitse mu Zomba?

Mayi wina wa ku Chinamwali watilembera kalata pa imelo. Akuti anamva kuti ku Luxembourg, dziko laling'ono la ku Ulaya, anthu amakwera basi ndi sitima osalipira, ndiye akufunsa ngati zoterezi zingatheke kuno, komanso ngati zimakhalitsa.

Amayi, munamva zoona. Luxembourg inathetsa malipiro mu 2020. Koma chiyambire kale matikiti ankabweretsa pafupifupi 8 peresenti yokha ya ndalama zoyendetsera basi ndi sitima, zotsalazo boma linkalipira kuchokera ku misonkho. Pamenepa ndiye pagona nkhani: musanafunse ngati zaulere zingakhalitse, funsani kuti ndalama ya wokwera ikulipira gawo lanji la ulendo.

Kuno ikulipira zonse. Minibasi ya ku Limbe kapena Sienta ya ku Songani ndi ya munthu, si ya khonsolo. Ndalama imene mumapatsa kondakitala ndiyo imagula mafuta, matayala ndi masipeya, ndiyonso malipiro a dalaiva, oitanira pa depoti ndi tageti ya mwini galimoto. Mukaichotsa, wina ayenera kubweza yonse tsiku ndi tsiku. Ndipo zambiri mwa zinthuzi zimagulidwa kunja, moti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera mtengo pamodzi. Bajeti ya khonsolo imakonzedwa kamodzi pachaka, pomwe MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, ikhoza kusintha mtengo wa mafuta mwezi uliwonse.

Kumene zapirira, pamakhala thumba la ndalama lodziwika. Tallinn, likulu la Estonia, inayamba zaulere mu 2013, koma kwa okhawo olembetsa kuti ndi nzika za mzindawo. Anthu ambiri analembetsa, ndipo gawo la msonkho wawo linayamba kulowa ku khonsolo. Dunkirk ku France imadalira kwambiri msonkho umene olemba anthu ntchito amapereka. Koma ku Hasselt, ku Belgium, sizinapirire: inayamba mu 1997, okwera anachuluka, ndalama zofunika zinakwera, mu 2013 khonsolo inagamula zobwezeretsa malipiro kwa akuluakulu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kalipiridwe. Khonsolo ikamalipira mwini minibasi potengera chiwerengero cha okwera, manambala amafufuma chifukwa palibe tikiti yotsimikizira. Kulipira pa kilomita kuli bwinoko, koma pamafunika wowunika maulendo. Cheke chikachedwa mwezi umodzi, galimoto zimaima chifukwa mafuta sagulidwa pangongole, ndipo mayi wopita ku Zomba Central Hospital amatsala panjira. Musaiwalenso anyamata a kabaza, amene angataye makasitomala a ku Matawale ndi Sadzi.

Yankho langa ndi loti zaulere kwa aliyense sizingakhalitse mu Zomba panopa. Chotheka ndi msewu umodzi kapena iwiri, basi zochepa zoyenda pa nthawi yoikika, ana asukulu, okalamba ndi aulumali akukwera ulere, ena onse akulipira, ndipo ndalama zake zikhale ndi thumba lakelake basi yoyamba isananyamuke.