Yankho kwa mayi amene mwana wawo walowerera chamba

Mayi, mwafunsa ngati kumutengera kupolisi kungathandize kuti asiye, ine ndikuti ayi chonde, kundende munthu sachira. Pitani naye ku St John of God konkuno ku Mzuzu, amathandiza anthu olowerera mowa ndi chamba, pali makhansela komanso madokotala.

Koma zisathere pamenepo. Lamulo la 2020 lija linangolola kulima chamba cha mankhwala ndi mafakitale, wosuta akumangidwabe, ndiye ife makolo tikumane kaya kutchalitchi kaya kumzikiti tiyitane akhansala ndi a MP athu tiwauze kuti ana athu akufunika chithandizo osati unyolo. Anawo akuthera mmashabini tikuona. Mukayamba gulu ine mundilembe.