Za anthu amene anasewera mu filimu ya Kamkwamba

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mu filimu ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, anatenga alendo kuti asewere ngati Amalawi pomwe azisudzo tili nawo kuno, komanso ngati enafe Chichewa chake chinatikomera. Ambiri amene aona funsoli pa intaneti angoika tinkhope toseka n'kudutsa, koma funso lanuli ndi lofunika kuliyankha modekha.

Chichewa chija chinali chovutadi kumva, ndipo amene akudandaula asanenedwe kuti ndi ansanje. Taonani amene anali m'nyumba ya kwa Kamkwamba mu filimuyo. The Boy Who Harnessed the Wind inatuluka pa Netflix mu 2019. Bambo Trywell anali Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain yemwe makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo ndi yemweyo amene analemba ndi kutsogolera filimuyo. William anali Maxwell Simba wa ku Kenya. Mayi Agnes anali Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Choncho banja la kwa Wimbe ku Kasungu, bambo, mayi ndi mwana, onse amayankhula mawu oloweza. Wakwathu anali Lily Banda, amene anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William. Mukamvetsera bwino, iyeyo akangotsegula pakamwa khutu limapuma.

Munthu wa ku London amene akuwerenga mawu a Chingerezi pansi pa kanema sataya kanthu. Ife timataya. Pali pomwe William akupempha njinga ya bambo ake kuti aiphwasule apangire makina a mphepo, bambowo n'kupsa mtima poona kuti mwana akufuna kuwononga chuma chokhacho chotsala pakhomo. Pamenepo m'pofunika kugwetsa misozi, koma anthu ambiri kuno anaseka chifukwa cha katchulidwe ka mawu. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa nkhaniyi ndi ya njala ya 2001 mpaka 2002, pomwe anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, ena n'kuikidwa m'manda. Amene anaiona njala ija ndi maso anayenera kuimva m'chiyankhulo chowafika pamtima.

Nanga anachitiranji choncho? Nkhani ndi ndalama. Filimu ya msinkhu umenewu imadya ndalama zambiri, ndipo oika ndalamazo, monga BBC Films ndi Participant Media, amayang'ana dzina limene lingakoke anthu m'maiko ambiri. Ejiofor anali atatchuka kale ndi 12 Years a Slave, mpaka kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar mu 2014. Popanda dzina lakelo, mwina nkhaniyi ikanangotsalira m'buku lomwe William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Timupatsenso ulemu wake mkuluyu. Akanatha kukajambulira dziko lina, aliyense n'kumayankhula Chingerezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'malo mwake anabwera ku Kasungu, anaika Gule Wamkulu, ndipo iye mwini anakhala pansi kuphunzira Chichewa. Kuchuluka kwa Chichewacho n'kumene kunachititsa kuti Britain ithe kuitumiza ku Oscar m'gulu la mafilimu a ziyankhulo zina. Pa bambo Trywell, ineyo ndinamvetsa.

Pomwe sindimvetsa mpaka lero ndi pa anthu ena aja. Mfumu Wimbe anali Joseph Marcell, amene ambiri timamudziwa ngati Geoffrey, wantchito wa m'nyumba mu The Fresh Prince of Bel-Air. Mphunzitsi Kachigunda anali Lemogang Tsipa wa ku South Africa. Mayi wa ku laibulale anali Noma Dumezweni, wokulira ku England. Onsewa ndi aluso, sindikutsutsa. Koma palibe amene anatsegula Netflix chifukwa cha iwowa, ndiye chifukwa cha ndalama chija apa sichigwira. Makamaka mfumu. Mfumu ya kwathu ikaima pabwalo imayankhula mosathamanga, imadziwa poima, imaponya mwambi anthu n'kuvomera pansipansi. Zimenezi munthu saloweza m'masabata ochepa. Pomwe mfumu ija inaima pamsonkhano wa pulezidenti n'kunena poyera kuti anthu ake ali pa njala, kenako n'kumenyedwa, bwenzi dziko lonse litakhala chete ikanakhala kuti akuyankhulayo ndi mkulu wakwathu wa mawu olemera.

Wina poyankha funso lanuli walemba kuti ku Malawi kulibe odziwa kusewera mafilimu. Ayi ndithu. Shemu Joyah anali atatulutsa kale mafilimu a Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, momwe ambiri osewera anali Amalawi. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Anthu analipo. Mu filimu ya Kamkwamba momwemo, Philbert Falakeza anasewera bwino ngati Gilbert, mnzake wa William.

Komabe ndisiyane pang'ono ndi amene akutchula maina a oseketsa athu kuti akanatenga awa kapena awo. Tinakula ndi Izeki ndi Jakobo, tinakula ndi Tikuferanji, ndipo timawakonda anthu amenewa ndi mtima wonse. Koma nkhope imene tinazolowera kuiseka ikanaoneka pamaliro a mu filimu ija, tikanayamba kuseka munthuyo asananene kalikonse. Chinanso, zisudzo za pabwalo zimafuna kukweza mawu ndi kutambasula manja kuti wa kumbuyo aone, pomwe kamera imabwera pafupi n'kumafuna maso okha. Chinafunika ndi kuyesa anthu ambiri mofatsa, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Kasungu komweko, odziwika ndi osadziwika omwe, mpaka apezeke oyenera mbali iliyonse.

Za Maxwell Simba, ine ndimuikira kumbuyo. Lilime linamuvuta, inde, koma mwanayo anali ndi nkhope ya munthu amene mutu wake sukupuma. Onaninso pomwe wapeza galu wake Khamba atafa ndi njala, kapena pomwe akufukula zitsulo kudzala kufuna zopangira makina. Sayankhula zambiri pamenepo, ndipo m'pomwe amagwira mtima koposa.

Ngati muli ndi mpata sabata ino, achemwali, ioneninso, kenako mufunefune The Road to Sunrise muonere motsatizana. Mudzatiuze kuti ndi ndani mwa azisudzo a Joyah amene mukanamupatsa mbali ya mayi Agnes, chifukwa pa mayi ameneyu m'pomwe ine ndi anzanga timatsutsana kwambiri.