Aphunzitsi, anawo muwatengere ku Bondo

Aphunzitsi, mwafunsa komwe mungapite ndi ana anu a Fomu 3 kuti akaone makina odabwitsa kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo. Ena ayankha kale kuti makina amphepo a William Kamkwamba. Ntchito imene ija ndi yotamandika ndithu, koma ili ku Wimbe ku Kasungu, pomwe inu mwatchula kuno kwathu.

Ine ndikuti pitani ku Bondo kuno ku Mulanje, komwe bungwe la MEGA (Mulanje Electricity Generation Agency) limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya. Malowa ndimawakonda chifukwa mwana amatha kuona chilichonse ndi maso ake, akuyenda wapansi. Kumtunda amapatutsa madzi ena mumtsinje, n'kumayenda mofatsa m'ngalande m'mbali mwa phiri. Kenako amalowa mu paipi yotsetsereka, ndipo akamafika pansi amakhala ndi mphamvu yoti azungulitse gudumu lotchedwa turbine, turbine n'kuzungulitsa jenereta. Madziwo akatha ntchito amabwerera mumtsinje momwemo, palibe dizilo, palibe utsi. Mukatuluka m'kanyumba ka makinako muzitsata mapolo, mukapeza chipatala, sukulu ndi magolosale akuyaka ndi magetsi omwewo. Ku Nkula zinthu n'zikuluzikulu, mwana amangoti kukamwa yasa koma osamvetsa. Ku Bondo amabwerako atamvetsa kuti mphamvu ili pa kutalika kwa pomwe madzi akuchokera ndi kuchuluka kwake. Muwauze anawo agwire paipi ija madzi akudutsa, amve mmene imanjenjemerera.

Nthawi ikalola dzerani ku Likhubula. Madzi ena omwe anthu a mu Blantyre akumwa kuyambira 2019 amachokera pamenepo, ndipo amatsika okha m'mapaipi mpaka ku Nguludi chifukwa phiri lili pamwamba. Nzeru yake ndi yomweyi ya mipope ya m'midzi yomwe makolo athu anakumbira okha ngalande zake m'ma 1970. Pomwepo mufunsenso za njira ya Skyline yokwerera ku Chambe, yomwe dzina lake linachokera ku chingwe chomwe ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba pa phiri. Chingwecho chinasiya ntchito, ndiye anawo musawalonjeze kuti akaona matabwa akuuluka.

Tsono chenjezo langa lalikulu lili pa mafakitale a tiyi, poti ndaona ambiri akukuuzani kuti mungopita. Musayerekeze kupita popanda kalata. Ife tinauzidwa ndi munthu wogwira ntchito pa fakitale ina kuti bwerani Lachisanu, zonse zili bwino. Tinalipira galimoto, ana anavala yunifolomu, makolo anasonkha ndalama zawo. Pageti mlonda anati sakudziwa kalikonse, abwana achoka, ndipo munthu wathu uja foni osayankha. Anawo anakhala padzuwa mpaka masana, akungomva kulira kwa makina ndi fungo la tiyi kuseri kwa mpanda, n'kubwerera osaona kanthu. Mpaka lero zimandiwawa. Lembani kalata ya sukulu yodinda, ipite kwa manijala, ndipo musanyamuke musanalandire yankho lolembedwa. Akakulolani, makina ofotetsa masamba, odula, oumitsa ndi osefa ndi oti munthu awaone, makamaka nthawi ya mvula pomwe tiyi amachuluka. Ku Satemwa, esiteti ya ku Thyolo yomwe inayamba mu 1923, anazolowera kulandira alendo, koma nakonso yambani mwafunsa.

Vuto n'lakuti nthawi ya mvula yomweyo ndi yoipa kuphiri. Mitsinje ya kuno imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe mwaima pasakugwa dontho, mvula itagwa pamwamba. Tonse tikukumbukira zomwe namondwe wa Freddy anachita mu 2023. Ku Bondo pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala, ndipo ku Dziwe la Nkhalamba, lomwe lili ku Likhubula, musalole mwana aliyense kulowa m'madzi, kaya akuti amadziwa kusambira.

Za ndalama, mtengo wa kabaza wa njinga yamoto kuchoka pamsewu wa tala kupita ku Bondo umatengera mtengo wa mafuta sabata imeneyo. Kwa kalasi yonse kuli bwino kupangana ndi galimoto imodzi yokwera bwino, ndipo mumalize kulipira mukabwerako. Anawo avale nsapato zotseka, anyamulenso majuzi, chiperoni sichipangana ndi munthu.