Akakweza mitengo pamodzi, ndiye kuti apangana?

Mayi wina wanditumizira imelo. Makampani atatu amene amamugulitsa katundu akweza mitengo m'sabata imodzi, mofanana ndendende, ndiye akufunsa ngati boma lingachitepo kanthu. Mayi, mwanditosa pachilonda.

Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito yogulira kampani ina katundu. Tsiku lina ndinayala makoteshoni atatu padesiki, ochokera kumakampani osiyana, ndipo onse anali atalakwitsa kalembedwe ka liwu limodzi lomwelo, pamzere womwewo. Anawalemba munthu mmodzi basi. Awiriwo anakweza mtengo dala kuti wachitatu apambane. Ndinawaonetsa abwana, iwo anangoti, "Sainani, nthawi yatha." Ndinasaina. Mpaka lero ndikakumbukira cholembera chija mtima umandiwawa.

Chovuta n'chakuti kufanana kwa mitengo pakokha si umboni. Zipangizo zikadula, aliyense amakweza. Mabungwe oona za mpikisano pa malonda amafuna pangano lenilenilo: maimelo, mauthenga apafoni, misonkhano yam'seri. N'chifukwa chake amatulukira kumaofesi m'mamawa mosachenjeza n'kukopera zonse zam'makompyuta. Koma chida chawo chakuthwa kwambiri ndi lonjezo lakuti woyamba kuulula akhululukidwa. Ku Ulaya, makampani opanga malole anapangana mitengo kuyambira 1997 mpaka 2011. Kampani ya MAN inaulula ndipo sinalipire chilichonse, pamene European Commission, bungwe limene limaonanso za mpikisano pa malonda kumeneko, inalipitsa Daimler, DAF, Iveco ndi Volvo/Renault mayuro 2.93 biliyoni mu 2016. Zaka 14, anthu inu! Ogula ankangolipira osadziwa.

Apa ndiye sindisintha maganizo: chindapusa chokha n'chosakwanira. European Commission singalipitse kampani kupitirira 10 peresenti ya ndalama zonse zimene imalowetsa pachaka, ndipo amalipira ndi kampani, osati bwana amene anakhala pamsonkhanowo. Ku America, lamulo la Sherman Act la 1890 limatenga kupangana mitengo ngati mlandu waupandu, ndipo masiku ano munthu akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 10. Bwana akadziwa kuti akagona kumeneko ndi iyeyo, foni ya mnzake amayamba wailingalira asanaiyankhe.

Ndiye mutani?

Sungani makoteshoni, malisiti ndi makalata okudziwitsani za kukwerako, masiku ake alembedwe bwino. Kadandauleni kubungwe loona za mpikisano m'dziko lanu, ndipo afunseni ngati angabise dzina lanu. Makalata atatuwo muwayale pamodzi kaye, muwerenge liwu ndi liwu.