Ndapatsidwa chikopa cha njati ya ku America, ndichifufute bwanji?

FUNSO

Bambo Mkonzi, ndimakhala ku South Dakota, m'dziko la America, ndipo ndimagwira ntchito pafupi ndi famu ina yoweta njati za kuno zotchedwa bison. Mu Novembala anapha yaikazi ndipo mwini famuyo anandipatsa chikopa. Ndinachipinda n'kuchiika mufiriji youmitsa. Ndikufuna chikhale chofewa chopanda ubweya, chija amati buckskin, kuti ndisoke chikwama ndi malaya. Ndinayesa kachidutswa: ndinakapala, n'kukapaka ubongo wa nkhumba, n'kukayanika, koma kanauma gwa, osapindika. Kodi ubongo unachepa? Ndipo kodi munthu mmodzi angathe ntchito imeneyi pakhomo?

Mayi wowerenga, South Dakota

YANKHO

Mayi, choyamba ndikuyamikeni poika chikopacho mufiriji. Ambiri amachisiya pakhonde masiku awiri akuganiza zochita, ndipo akamadzachifunyulula amapeza chayamba kale kununkha. Chanucho chikhoza kudikira miyezi osaonongeka.

Ubongo sunachepe. Kachidutswa kanu kanauma gwa pa zifukwa ziwiri: kanali kokhuthala kwambiri moti mafuta sanalowe mpaka m'kati, ndiponso munakayanika n'kuchokapo. Chikopa sichifewa chokha padzuwa. Chimafewa m'manja mwa munthu amene akuchikoka kuyambira chili chonyowa mpaka chitauma. Anthu amakonda kukangana za ubongo ngati kuti ndiwo mankhwala onse, koma ine ndimati ntchito ili pa kupala ndi pa kukoka.

Munthu mmodzi angathe, koma osati chikopa chathunthu. Chiduleni pakati motsata msana, kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Musaone ngati mukuchiwononga. Amayi a mitundu ya eni nthaka a ku America, monga Lakota, Cheyenne ndi ina ya m'zigwa za kumeneko, ankachita zomwezo: ankafufuta mbali iliyonse payokha, kenako n'kulumikiza ndi ulusi wa mtsempha wa njati yomweyo, ndipo nthawi zina msokowo ankauphimba ndi lamba wa mikanda. Iwowa ankafufuta zikopa khumi kapena kuposa kuti apange tenti imodzi yokhalamo, choncho ngati iwo ankadula, inu musachite manyazi. Popeza mukufuna chikwama ndi malaya, mukhoza kudula ngakhale panayi. Tulutsani chidutswa chimodzi, zinazo zibwerere mufiriji. Yambani ndi cha kumimba, chifukwa n'chopyapyala.

Chikasungunuka, chiyaleni pa chipika chosalala chopendekeka, mbali ya mnofu ili pamwamba, n'kumapala ndi chitsulo chachitali chobuntha chogwira manja awiri. Mukuchotsa mnofu, mafuta ndi kakhungu kopyapyala komamatira pansi pake. Mpeni wakuthwa pano ayi, umangoboola.

Kenako chiviikeni mu mgolo wapulasitiki wa madzi osakaniza ndi laimu, kapena phulusa la nkhuni. Mukasankha phulusa, yesani mphamvu yake ndi dzira laliwisi: likamayandama kansonga kakuonekera pamwamba, madziwo akwana. Valani magolovesi ndipo mutchinjirize maso, madzi amenewa amaotcha. Muzivundula tsiku lililonse. Kukazizira kwambiri zimachedwa, choncho musawerenge masiku, koma yesani ndi chala: ubweya ukamazuka mosavuta ndipo chikopa chatupa, chafika. Cha njati chimatenga sabata kapena kuposa. Laimu amachita zinthu ziwiri. Amamasula ubweya, komanso amasungunula kamadzi konanda kamene kali pakati pa tiulusi ta chikopa, kamene kamatsekereza mafuta kuti asalowe.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Pansi pa ubweya pali khungu losalala, lija limanyezimira pa nsapato. Pa buckskin khungu limenelo limachoka lonse. Mukalisiya, ngakhale kamzere kochepa, malo amenewo adzauma gwa ndipo utsi wofukizira chikopa pomaliza sudzalowapo, mudzaona mawanga oyera. Palani mizere yotsatizana, wina ukwere pang'ono pa unzake, ndipo musadumphedumphe. Mudzatuluka thukuta ngakhale kunja kuli chipale.

Chikopa cha mbawala za kumeneko mukachichotsa khungu limeneli ndiye mwatha kupala. Cha njati ayi. Pakhosi, palinunda ndi m'matako n'chochindikala kwambiri, moti cha nkhunzi anthu akale ankapangira zishango zotchinga mivi. Muli ndi mwayi kuti chanu n'cha yaikazi, komabe muyenera kuchipepula. Mukachitsuka, chibooleni timabowo m'mphepete, mumange ndi chingwe pa felemu yamatabwa olimba, chikungike bwino, chiume. Chikauma mumachisenga ndi kachitsulo kakuthwa kokhala ngati kasemasema kakang'ono. Amayi a Chilakota chogwirira chake ankapanga ndi nyanga ya elk, nyama yaikulu yonga mbawala, ndipo ena ankachisunga moyo wonse n'kusiyira ana awo. Pano ndiye mukufuna chakuthwa zedi, muzinola pafupipafupi, tizipalo tizigwa topyapyala. Ikani dzanja limodzi kuseri kuti muzimva makulidwe. Cholinga n'choti chikopa chonse chifanane ndi cha kumimba. Poti muli ku South Dakota, chisanu chikuthandizani: chikopa chonyowa chikaundana pa felemu panja chimasengeka mosavuta, ndipo anthu a kumpoto akhala akuchita zimenezi kuyambira kalekale.

Ndatchula kutsuka mothamanga, koma musakupeputse. Laimu akatsalira m'kati, chikopa sichitambasuka. Chiviikeni m'madzi oyera, muzisintha kawiri patsiku kwa masiku angapo, mpaka kutupa kuthe ndipo chileke kuterera. Pomaliza thirani viniga pang'ono m'madzimo.

Za ubongo tsopano. Ubongo uli ndi mafuta amene amasakanikirana ndi madzi, n'chifukwa chake amatha kulowa n'kukuta kaulusi kalikonse kuti tisamamatirane pouma. Alenje a kumeneko amati nyama iliyonse ili ndi ubongo wokwanira kufufuta chikopa chake, koma pa njati mawu amenewa sagwira, chikopa n'chachikulu kwambiri. Wa nkhumba umene munagwiritsa ntchito ndi wabwino. Wa mbawala kapena elk musaukhudze, chifukwa m'madera amenewo muli matenda a ubongo a nyamazi otchedwa CWD. Ine ndimakonda zachikasu za mazira. Zili ndi mafuta a mtundu womwewo, sizinunkha msanga, ndipo simuchita mantha mukakhala ndi kabala pachala. Chikopa chimodzi cha mbawala chimafuna mazira 12, choncho theka la njati lidzafuna kawiri kapena katatu pamenepo. Sakanizani ndi madzi ofunda amene dzanja lanu likupirira bwinobwino. Akatentha kuposa apo mwaphika chikopa, chidzafota ndipo palibe chochibweza.

Chikopa chilowe m'madzi amenewa chili chachinyezi, osati chodontha. Chikandeni, chikokeni, chigonemo usiku wonse. M'mawa chikolekeni pa mtanda, mupise ndodo n'kupotokola mpaka madzi aleke kutuluka, mutembenuze n'kupotokolanso. Chibwezeni m'mazira muja. Pa njati chitani zimenezi katatu kapena kanayi. Kufinya kumeneku ndi kumene kumakankhira mafuta m'kati, ndipo ndikukayika ngati kachidutswa kanu munakafinya n'komwe. Mukaona timathovu tikutulukira mbali inayo pofinya, dziwani kuti njira zatseguka. Ngati pali mabowo, asokeni tsopano chisanaume.

Tsiku lofewetsa musapangane ndi munthu. Sankhani chipinda chofunda chopita mphepo, mumange chingwe cholimba kapena waya wopota pa nsanamira, muzikhuza chikopa uku ndi uku, kenako muchikoke pa mawondo m'litali ndi m'lifupi. Ena amachibwezera pa felemu n'kumachikankha ndi mtengo wosalala kunsonga, ndipo pa chidutswa chachikulu njira imeneyi imapulumutsa msana. Poyamba chimaoneka ngati sichikusintha ndipo mukhoza kumapuma. Nthawi yoopsa ndi pamene chayamba kuyera. M'mphepete ndi kumimba kumauma msanga, pakhosi pamachedwa, ndipo mukasiya kwa theka la ola tiulusi timamatirana. Chiikeni patsaya: chikamveka kuzizira, chinyezi chikadalimo, pitirizani. Ntchitoyi imadya tsiku lathunthu. Manja akalefuka, musalimbane nazo, chikulungeni m'pulasitiki n'kuchiponya mufiriji, mudzapitiriza tsiku lina pomwe munalekezera. Itanani mnzanu ngati alipo, kukokerana awiri kumathandiza kwambiri. Malo ena akakanika, si tsoka: anyowetseni m'mazira n'kubwereza.

Chikafewa chimakhala choyera, chokongola, ndipo apa ambiri amafulumira kutenga lumo. Dikirani. Chikanyowa ndi mvula chisanafukizidwe chidzaumanso gwa ndipo thukuta lonse lija lapita pachabe. Mu utsi muli mankhwala amene amamanga tiulusi tija kuti tisabwerere mwakale, n'chifukwa chake matenti a anthu aja ankanyowa n'kuuma chaka chonse. Sokani chikopa chikhale thumba, kukamwa kwake mulumikize nsalu yokhuthala, muchipachike pamwamba pa dzenje kapena chitini chokhala ndi makala amoto. Pa makalawo ikani nkhuni zowola zouma, zofumbutuka m'manja. Kumeneko mtengo wa cottonwood umapezeka m'mbali mwa mitsinje ndipo ambiri amagwiritsa ntchito umenewo. Mukufuna utsi wambiri, lawi ayi. Musachoke pamalopo ngakhale foni italira m'nyumba, ndipo khalani ndi madzi pafupi, chifukwa lawi limodzi limapsereza ntchito ya milungu itatu. Mtundu wachikasu kapena wofiirira ukayamba kuonekera kunja, tembenuzani thumbalo mufukizenso mbali inayo. Mbali iliyonse imatenga maola angapo.

Mundilole ndipatukeko pang'ono. Chikopa chimene chili mufiriji mwanumo n'cha nyama imene inatsala pang'ono kutha. Njatizi zinalipo mamiliyoni makumi angapo, koma cha m'ma 1870 mafakitale atapeza njira yosandutsa zikopa zake kukhala malamba oyendetsa makina, alenje amalonda anazipha mwaunyinji, kutenga chikopa n'kusiya nyama ikuwola. Pofika 1889 zinatsala pafupifupi 1,000 zokha. Lero zabwerera m'mafamu, m'mapaki monga Custer State Park m'chigawo chanu chomwecho, ndi m'madera a mitundu ya eni nthaka, ndipo mu 2016 boma la America linaisankha kukhala nyama yoimira dziko. Pakati pa Alakota alipo anthu amene amafufutabe ndi ubongo ndipo ena amaphunzitsa. Mukamva za maphunziro otere pafupi, pitani mukaone manja awo akugwira, mudzamva msanga zimene ine ndikuvutika kulongosola papepala.

Za malaya, ndikuuzeni chilungamo: ngakhale mutapepula bwanji, chikopa cha njati chimalemera ndipo timipata ta pakati pa tiulusi take ndi tatikulu. Cha kumimba ndi m'nthiti chikhoza kukhala malaya. Cha pakhosi ndi kumsana sungirani chikwama ndi pansi pa nsapato. Mukamaliza kufukiza, chiyanikeni panja masiku angapo fungo la utsi lichepe, muchitsuke m'madzi ozizira, chiume, kenako muyeze n'kudula, chifukwa chimabwerera pang'ono chikachapidwa koyamba.