Kodi Oyenda Pansi Ndiwo Amachedwetsa Magalimoto pa Maloboti?

Bambo wina woyendetsa takisi muno mu Chipata wanditumizira imelo kufunsa ngati si anthu owoloka msewu amene amatalikitsa mzere wa magalimoto pa maloboti, makamaka madzulo pamene Umodzi Highway yadzaza ndi njinga, maminibasi ndi malole opita ku malire a Mwami. Iwo akuganiza kuti mizere yowolokera itachotsedwa, magalimoto akhoza kumayenda msanga.

Bambo, kuchedwako kulipo ndithu, koma sikuchokera kumene mukulozako. Akatswiri otchera maloboti amawerengera kuti munthu amayenda pafupifupi mamita 1.2 pa sekondi, kotero msewu wa mamita 12 m'lifupi umafuna masekondi 10, ndipo kawirikawiri amawonjezapo ena 7 oti anthu ayambe kuwoloka. Popeza magalimoto ondondozana amadutsa imodzi pa masekondi awiri aliwonse, masekondi 17 amenewo ndi mpata wa magalimoto pafupifupi 8 pa mzere umodzi. Komatu nthawiyi imatayika pokhapokha mbali zonse zitaimitsidwa chifukwa cha oyenda pansi okha. Pa mphambano zambiri anthu amawoloka msewu umene waima kale pamene winawo ukuyenda, ndipo ngati nyali yobiriwira ya winawo imayaka masekondi 17 kapena kuposerapo, palibe dalaivala amene waluzapo kanthu.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi pokhota. Galimoto yokhota imalowa mumsewu umene anthu akuwoloka nthawi yomweyo, ndipo iyenera kudikira mayi wosenza dengu la tomato, mwana ali kumbuyo, kapena mnyamata wokankha njinga ya matumba a makala. Ngati mzere uli umodzi, onse ofuna kupitirira amaima kumbuyo kwake ngakhale nyali ili yobiriwira. Madalaivala nawonso amadzichedwetsa okha, pakuti akaima pamwamba pa mizere yoyera anthu amazembera pakati pa magalimoto, ndipo nyali ikasintha wakutsogolo amalephera kunyamuka, hutala n'kumangolira kumbuyo.

Kutalikitsa nyali yobiriwira si mankhwala. Webster, katswiri wa za misewu wa ku Britain, anasonyeza mu 1958 kuti mphambano iliyonse ili ndi nthawi yoyenera yoti nyali zonse zisinthane, ndipo ikapitiriridwa kwambiri kuchedwa kumakulanso, chifukwa mbali zoimitsidwa zimadikira nthawi yaitali. Woyenda pansi akatopa kudikira amangowoloka nyali ili yofiira, ndipo zikatero mabuleki amagwidwa pamene sanayembekezeke.

Kuchotsa mizere ine sindikugwirizana nako, popeza opita ku Saturday Market kapena ku Kapata adzawolokabe, koma aliyense pamene wafuna, ndipo mudzaima kangapo m'malo moima kamodzi. Zothandiza ndi kachilumba pakati pa msewu kuti anthu aziwoloka theka n'kudikira, mzere wapadera wa okhota, komanso batani loti nyali ya oyenda pansi iziyaka pokhapokha alipo woidina. Ngati pali mphambano imene mwaona kuti nthawi yake sinatcheredwe bwino, lemberani khonsolo ya mzinda kapena a RDA, bungwe la boma loyang'anira misewu, ndipo mutchule ola ndi mbali imene mzere umatalika.